Kambalame ka miyendo yofiira komwe alendo amadzera ku Mpatamanga

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndiyambe ndi kuulula. Ine ndakhala katswiri wa legeni kuyambira ndili Sitandade 3. Mpheta, njiwa ndi apumbwa a kwathu amandidziwa bwino. Kwa ine mbalame inali ndiwo basi. Ndiye musaganize kuti amene walemba nkhaniyi ndi mngelo ayi.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinaperekeza amalume kumtsinje wa Shire, chakufupi ndi Mpatamanga. Dzuwa linali litapendeka koma miyala inali ikuotchabe kumapazi. Tinapeza galimoto itaima pansi pa mlambe, ndipo anthu atatu atakhala pathanthwe, ali chete ngati ali pamaliro. Aliyense anali ndi magalasi oonera patali, ndipo patsogolo pawo panali chipangizo china chachitali choima ndi miyendo itatu. Amalume anandinong'oneza kuti, "Awa ndi oyeza malo a damu aja." Koma sanali iwo.

Mayi wina pagulupo anandikodola. "Bwera udzaone, mwana wanga, koma uyende pang'onopang'ono." Ndinaika diso pachipangizo chija. Mwala womwe unali pakati pa mtsinje unabwera pafupi ngati ndiugwire. Pamwalapo panali timbalame tiwiri totuwa, tamiyendo yofiira, titangokhala phee, madzi akuwinduka mbali zonse.

"Amayi, mwachokera kutali chifukwa cha timeneti?" ndinafunsa. "Nyama yaketu siingakwane ndi mbamu ziwiri zomwe."

Anaseka mpaka anzawo anawayang'ana. Kenako anatulutsa kabuku, n'kulemba tsiku, nthawi, malo ndi nambala 2. Tsiku limenelo ndi lomwe linandichititsa kuti ndiyambe kufunsafunsa ndi kuwerenga, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

Ndi mbalame yanji?

M'mabuku a mbalame imatchedwa Rock Pratincole, ndipo asayansi amaitcha Glareola nuchalis. Ine ndimangoti kambalame ka pamwala. Kutalika kwake kuchokera kumlomo mpaka kumchira sikupitirira masentimita 20, kutanthauza kuti sikafika ndi pa rula yathu ya masentimita 30 ija. Kumsana n'kotuwa moderako, ngati mwala womwe kamakhalapo. Miyendo ndi yofiira, mlomo ndi wakuda koma kutsinde kwake ndi kofiira. Chizindikiro chachikulu ndi mzere woyera womwe umayambira kuseri kwa diso n'kuzungulira kumbuyo kwa khosi, ngati kolala ya yunifolomu. Kakauluka mumaona zoyera pamwamba pa mchira.

Chodabwitsa n'chakuti kambalameka ndi ka gulu la mbalame za m'mbali mwa madzi, zija zimayenda m'matope n'kumajompha tizilombo. Koma ikoko sikakonda matope. Kali ndi miyendo yaifupi ndi mapiko aatali osongoka, ndipo kamagwira chakudya chake m'mwamba ngati namzeze. M'mamawa ndi madzulo kamauluka pamwamba pa mtsinje kugwira tizilombo touluka. Masana kamangokhala pamwala. Mukapanda kuyang'anitsitsa mutha kudutsa osakaona, chifukwa mtundu wake ndi wa mwalawo n'chimodzimodzi.

Chisa sikamanga. Palibe udzu, palibe timitengo. Kamaikira dzira limodzi kapena awiri pakadzenje kapena mumng'alu wa mwala weniweniwo, pakati pa mtsinje. Yaikazi ndi yaimuna zimasinthana kufungatira. Taganizani kutentha kwa mwala wa ku Shire m'mwezi wa Okutobala! Koma nzeru yake ndi iyi: pakati pa madzi othamanga galu safikapo, nyenga siifikapo, ndipo mnyamata wa legeni ngati ine safikaponso.

Chifukwa chiyani ndi yosowa?

Mbalameyi imapezeka m'mitsinje ikuluikulu ya mu Africa, monga Zambezi, Congo ndi Nile. Padziko lonse siili m'gulu la zomwe zatsala pang'ono kutha. Koma kuno ku Malawi malo ake ndi ochepa kwambiri, chifukwa imafuna zinthu ziwiri pamodzi: mtsinje waukulu wothamanga, ndi miyala yoonekera pakati pake. Malo otere ndi gawo lapakati la Shire, lomwe limadutsa m'malire a boma lathu la Neno ndi Blantyre n'kutsikira ku Chikwawa.

Amene mumamvetsera pa Jogalafe mukudziwa kuti kuchokera ku Matope kukafika ku Kapichira mtsinjewu umatsika mamita oposa 350 pamtunda wa makilomita pafupifupi 80. N'chifukwa chake pali mathithi otsatizana: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga mpaka Kapichira. Mathithi omwewa ndi omwe anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, osatha kupitirira kumtunda. Okonda mbalame akafuna kuona kambalame ka pamwala kuno kwathu, amalunjika ku Mpatamanga kapena ku Kapichira m'mphepete mwa nkhalango ya Majete.

Komanso sikakhala chaka chonse. Kumwera kuno kwa Africa kamafika madzi akayamba kutsika, cha m'ma Ogasiti, n'kuswa m'chilimwe miyala ili poyera. Mvula ikakhazikika mtsinje n'kudzaza, miyala imamira, ndipo mbalamezi zimasamukira kumitsinje ina. Ndiye kuti moyo wake wonse wamangika pa kukwera ndi kutsika kwa madzi. Madzi akakwera nthawi yosayenera, mazira amakokoloka. Miyala ikamira mpaka kalekale, malo oswera atha. Izi zinachitika kale pamtsinje wa Zambezi, pomwe madamu a Kariba ndi Cahora Bassa anamiza zigwa zazitali zomwe zinali ndi miyala yotere.

Amazitsata bwanji?

Ine ndinkaganiza kuti kuonera mbalame ndi masewera a anthu olemera osowa chochita. Koma ntchito yake ndi yofanana ndi ya kalembera. Munthu akaona mbalame amalemba zinthu zisanu: dzina lake, malo, tsiku ndi nthawi, kuchuluka kwake, ndi zomwe imachita. Kodi imadya? Imafungatira? Inali ndi anapiye? Ngati ali ndi kamera amajambula. Akapita tsiku lina osaipeza, amalembanso kuti sanaipeze, chifukwa ziro nayenso ndi yankho. Aphunzitsi a Masamu angavomereze.

Munthu mmodzi sangakhale pamtsinje chaka chonse. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake amagawana zomwe aona. Wina akaona mbalame yosowa amadziwitsa anzake pafoni, ndipo ena amanyamuka kukatsimikiza. Ambiri masiku ano amalemba pa eBird, yomwe inayambitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology ya ku America. Munthu amalemba mndandanda wake pafoni, ndipo umakalowa m'nkhokwe imodzi ndi ya anthu a m'mayiko onse. Mukalemba mbalame yomwe siionekaoneka m'dera lanu, akatswiri amakufunsani umboni: chithunzi, kapena kufotokoza bwinobwino zomwe munaona. Bodza silidutsa wamba. Mbalame zina zomwe anthu amazisaka kuti akagulitse, malo ake enieni amabisidwa kuti okuba asawadziwe.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa foni. Buku lalikulu la mbalame za dziko lino, The Birds of Malawi, analemba Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, ndipo linatuluka mu 2006. Muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndi mapu oonetsa komwe iliyonse imapezeka. Mapu amenewo anachokera m'timabuku ta anthu ambirimbiri omwe ankalemba zomwe aona kwa zaka zambiri, ngati mayi ndinakumana nawo aja.

Palinso kuwerenga kwa mbalame za m'madzi komwe kumachitika m'mayiko ambiri nthawi imodzi m'mwezi wa Januwale. Kunayamba mu 1967, ndipo amayendetsa ndi bungwe la Wetlands International. Chifukwa chowerengera nthawi imodzi n'chosavuta kumva: mbalame imauluka, ndiye mukawerenga miyezi yosiyana mutha kuiwerenga kawiri, kuno ndi ku Zambia.

Njira ina ndi mphete. Akatswiri omwe ali ndi chilolezo amagwira mbalame ndi ukonde wofewa, n'kuiveka kamphete kachitsulo kamwendo komwe kali ndi nambala, n'kuimasula. Kumwera kwa Africa mbiri ya mphetezi imasungidwa ndi SAFRING ku University of Cape Town. Mbalameyo ikadzapezeka kwina, nambala ija imaulula komwe inachokera. Anzanga, mukadzapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kotere, si zamatsenga ayi. Musataye, musathawe. Lembani nambalayo ndi malo ndi tsiku, mupatse aphunzitsi.

Tsopano kuli timakina tating'ono tomwe amamangirira kumsana kwa mbalame, tomwe timatumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Mu Okutobala 2022 mbalame ina ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Bar-tailed Godwit, ya miyezi isanu yokha, inauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita oposa 13,500, masiku 11 osatera, osadya, osamwa. Ife timadandaula ndi makilomita asanu obwera kusukulu!

Alendo omwe timawaona osawadziwa

Musaganize kuti zonsezi ndi za kutali. Pitani kumtsinje wa Lisungwi kapena Wamkulumadzi pakati pa Seputembala ndi Epulo. Mudzaona kambalame kofiirira kumsana, koyera kumimba, kakuyenda kokhakokha m'mphepete mwa madzi kwinaku kakugwedeza mchira m'mwamba ndi pansi osaleka. Mukakayandikira kamauluka chapansipansi pamwamba pa madzi kakulira mokweza. Kameneko ndi Common Sandpiper. Kamaswera ku Ulaya ndi ku Asia, n'kuthawa chisanu cha kumeneko kudzadya tizilombo ta m'matope athu. Tonse takaonapo. Ena a ife takagendapo. Koma ndani ankadziwa kuti kawoloka chipululu cha Sahara kapena nyanja kuti kadzafike pa Lisungwi?

Mbalame zoterezi zimadalira madambo. Dambo kwa izo lili ngati sitolo ya pa Zalewa kwa madalaivala a mathiraki: poima, kudya, kupuma n'kupitiriza ulendo. Mu 1971 mayiko anasainirana pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran, ndipo n'chifukwa chake pa 2 Febuluwale chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira madambo. Malawi ili ndi malo awiri omwe ali pamndandanda wa panganoli. Oyamba ndi nyanja ya Chilwa. Achiwiri ndi dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, lomwe linalowa mu 2017. Madzi a Elephant Marsh ndi a Shire yomweyi. Dothi lomwe limakokoloka m'mapiri athu tikadula mitengo yootcha makala limalowa mu Lisungwi, kenako mu Shire, n'kukathera kumeneko. Ndiye kuti za madambo a kumunsi zimayambira kuno kumtunda.

Kodi mbalame ingatheretu? Inde. Kunali mbalame ya mlomo wautali wokhota yotchedwa Slender-billed Curlew, yomwe inkaswera ku Siberia n'kumakakhala nyengo yozizira m'madambo a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Inaoneka komaliza motsimikizika ku Morocco mu 1995. Anthu anaifunafuna zaka zambiri, ndipo mu 2024 asayansi analengeza kuti inatha. Zina mwa zomwe zinaipha ndi kusaka ndi kuumitsa madambo kuti akhale minda. Anthu omwe anaiona komaliza aja sankadziwa kuti akuona yomaliza. Tikudziwa chaka ndi malo chifukwa choti analemba ndi kujambula.

Nanga magetsi?

Apa ndi pomwe nkhani yavuta, ndipo sindibisa. Mathithi omwe kambalame ka pamwala kamakonda ndi omwewo amatipatsa magetsi. Nkula inayamba kupanga magetsi mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pamtsinje umodzi womwewu. Tonse tikukumbukira mdima womwe unabwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Tsopano pali ntchito ya damu la Mpatamanga, lomwe akuti lidzapanga mamegawati oposa 350. Padzakhala damu lalikulu kumtunda, ndi lina laling'ono kumunsi lowongolera madzi.

Ine ndimawerenga ndi tochi ya mabatire, ndipo mabatire akatha ndiye kuti homuweki yathera pomwepo. Magetsi ndikuwafuna, ndipo ndikudziwa kuti nanunso mukuwafuna. Chipatala chikuwafuna, chigayo chikuwafuna. Sindinganene kuti damu lisamangidwe chifukwa cha timbalame tiwiri. Koma damu limasandutsa mathithi kukhala nyanja, ndipo miyala ya m'chigwacho imamira. Kumunsi kwa damu madzi amakwera ndi kutsika motsatira nthawi yomwe makina atsegulidwa, osatinso motsatira nyengo. Kwa mbalame yomwe yaika dzira pamwala, kusiyana kwake ndi moyo ndi imfa.

Ntchito yaikulu ngati imeneyi isanayambe, lamulo limafuna kuti pachitike kafukufuku woona momwe idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Ochita kafukufukuyo amafunsa kuti: mbalamezi zimaswera pamiyala iti? Zilipo zingati? Zimafika mwezi wanji, zimachoka mwezi wanji? Mayankho akakhalapo, pamakhala pokambirana: miyala iti itsale, madzi azitulutsidwa motani m'miyezi yoswera. Mayankho akasowa, nkhaniyo siimveka n'komwe. Chinthu chomwe sichinalembedwe sichiyankhula pamsonkhano. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kufunika kwa nambala 2 ija m'kabuku ka mayi aja.

Ifeyo tingachitepo chiyani?

Alendo aja amabwera tsiku limodzi n'kubwerera kutauni. Ife timakhala konkuno. Timadutsa pamitsinje imeneyi m'mamawa ndi madzulo, timamwetsa ng'ombe, timachapa, timathirira dimba. Palibe katswiri wa ku Cape Town yemwe angaone Lisungwi masiku ambiri kuposa mwana wa Fomu 1 wa pasukulu pano. Chomwe tikusowa ndi kope ndi chizolowezi basi.

Magalasi oonera patali ndi odula, koma si oyambira. Choyambira ndi maso ndi kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani malo amodzi, kaya padambo la kwanu, kaya pamlatho, kaya pamchenga wa mtsinje. Khalani phee mphindi 20, kamodzi pasabata, nthawi yofanana. Lembani tsiku ndi zomwe mwaona. Mbalame yomwe simukuidziwa ijambuleni ndi pensulo: kukula kwake poyerekeza ndi njiwa, mtundu wa miyendo, kutalika kwa mlomo, kayendedwe kake. Lembaninso zomwe mukuzidziwa kale, monga kakowa, nantchengwa ndi nkhwazi, chifukwa yomwe ndi yambiri lero itha kudzasowa mawa.

Funsaninso agogo. Agogo anga amadziwa mayina a mbalame omwe ine sindinawamvepo, ndipo amadziwa kuti iyi ikalira mvula yayandikira. Mayina amenewo tiwalembe asanapite nawo kumanda.

Malamulo ndi atatu. Loyamba, musayandikire chisa kapena mazira. Mbalame ikathawa pamwala wotentha chifukwa cha inu, dzira limapsa ndi dzuwa. Lachiwiri, musalembe chomwe simunaone pofuna kutchuka; ndi bwino kulemba kuti "sindinaizindikire". Lachitatu, ku Shire musapite nokha ndipo musalowe m'madzi. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi a pamathithi samvera kuti mumadziwa kusambira. Onerani muli pamtunda, muli ndi munthu wamkulu.

Kuli bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti WESM. Linayamba mu 1947, ndipo limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Ndi bungwe lomwelo lomwe limayimira BirdLife International kuno ku Malawi. Tikakhala ndi kalabu yokhazikika ndi mphunzitsi wotiyang'anira, titha kuwalembera kalata. Komanso chaka chilichonse, Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala, dziko lonse limakumbukira mbalame zosamukasamuka. La Okutobala likugwa nthawi yomwe kambalame ka pamwala kali kuno, ndiponso alendo a ku Ulaya aja atafika. Lingakhale tsiku labwino lowerenga koyamba.

Ndikudziwa kuti ena mukuseka kale kuti, "Aise, mbalame idzakulembera mayeso?" Siidzandilembera. Koma kope langa landithandiza kale kujambula magirafu, ndipo mutu wa Bayoloje wonena za momwe zamoyo zimadalirana sindinauloweze pamtima, ndinauona ndi maso. Komanso ku Majete ndi ku Liwonde kuli anthu olembedwa ntchito yoperekeza alendo ndi kuwaonetsa mbalame, ndipo amalandira malipiro chifukwa chodziwa zomwe ife timangozigenda.

Legeni yanga sindinataye, ndisaname. Ndimathamangitsira anyani m'munda mwa agogo. Koma kumtsinje sindipitanso nayo. M'thumba momwe inkakhalamo muli kope ndi pensulo. Amene mukufuna kuyamba nawo, tikumane Lachitatu tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ya Fomu 2. Bwerani ndi kope lakale lomwe latsala masamba, ndi dzina limodzi la mbalame lomwe mwafunsa kwa agogo anu.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2